Mpunga Wosapsa wa a Chimphika

Mayi atatuluka m'chipatala, matenda anatsala komweko, koma njala nayonso inatsala komweko. Adokotala anawauza amuna awo, a kalipentala, mosapsatira mawu: mankhwala agwira ntchito yake, chatsala n'chakudya. Akapanda kudya mubweranso nawo kuno, ndipo ulendo umenewo sindikulonjezani kanthu.

Tsono a kalipentala anali munthu wodziwa matabwa basi. Muwapatse chitseko chopindika, achiwongola. Muwapatse dzira, akubwezerani khala. Zaka zonse za banja lawo khitchini inali ya mayi, ndipo mayiwo sankalola munthu kugwira ngakhale chivundikiro cha poto wawo. Koma tsopano ankangokhala pampando wa pakhonde, mphete ikuzungulira pachala ngati yobwereka. Mwana wawo wamkazi ankabwera ndi zakudya m'mabakuli, anansi nawonso chimodzimodzi. Mayi ankalawa kamodzi, n'kunena kuti, "Zikomo, zakoma," n'kukankhira mbale kutali.

Mawu oti "zakoma" amenewa ndi amene ankawasowetsa tulo a kalipentala. Mkazi amene iwo anakwatira sanayamikirepo chakudya cha munthu wina chibadwire.

"Bambo, muwatulutseko amayi," anatero mwana wawo uja tsiku lina. "Mwina akadyera kwina mtima utseguka."

A kalipentala anavala jekete ya kutchalitchi n'kuwatengera mayi kumalo odyera apamwamba, kwa nsalu zoyera patebulo, komwe operekera zakudya amayenda ngati akuopa kudzutsa khanda. Chakudya chinabwera chokongola, chopanda poipa. Mayi analawa, anapukuta pakamwa, n'kuti, "Zakoma."

Chimene chinawathandiza ndi mvula. Tsiku lina akuchokera kokaonana ndi adokotala inawapeza pamsewu, ndipo anathawira mu lesitilanti yaing'ono yoyandikana ndi shedi ya a kalipentala, momwe iwo ankadya masana akakhala pantchito. Munali mabenchi amene anakhoma okha, matebulo oyala pulasitiki ya maluwa ofufuka, fani imene inasiya kalekale kuzungulira, ndi wailesi yolira pamwamba pa firiji. Mwini wake, amenenso anali wophika, anali bambo wa thupi lodzaza pakhomo. Aliyense ankawatchula kuti a Chimphika, ndipo dzinalo ankalikonda.

Tsiku limenelo mvula inadzaza anthu m'katimo, a Chimphika n'kupakula mpunga mofulumira. Anaika patebulo mbale ziwiri za mpunga ndi nkhuku. Mayi anatapa pang'ono mwaulemu chabe. Anatafuna. Kenako nkhope inasintha.

"Mpunga uwu waphika ndani?"

A kalipentala anayang'ana uku ndi uku. "Mayi, tsitsani mawu."

"Nditsitse chiyani? Pamwamba phala, m'kati mwala. Anthu akulipira zimenezi?" Anatapanso kuti atsimikize. "Mwaona? Dikirani ndilawe mbali iyi, mwina kunoko kunapsako. Ayi ndithu, n'chimodzimodzi. Nanga msuziwu? Anyezi wapserera uyu. Taimani." Anang'amba ntchafu ya nkhuku. "Nkhukuyo yokha ayesetsako, koma anaithira mchere mochedwa."

Mlandu unapitirira chomwecho, umboni ukulowa m'kamwa supuni ndi supuni. A kalipentala anakhala duu, akuopa ngakhale kutsokomola, ngati munthu amene mbalame yamutera paphewa. Pamene mayi ankamaliza kuweruza, m'mbale munali mutatsala mafupa okhaokha.

M'mawa mwake a kalipentala analawirira kwa a Chimphika. Anawapeza akusenda mbatata, nkhope ili ndwii, chifukwa mawu onse a dzulo anali atawamva.

"Achimwene, ngati mwabwera kudzapepesa, basi zatha," anatero a Chimphika.

"Sindinabwere kudzapepesa. Masana ano tibweranso. Ndimati mulakwitsenso."

Mpeni unaima. "Mwati bwanji?"

A kalipentala anafotokoza zonse: za adokotala, za mphete, za mawu aja oti "zakoma". A Chimphika anamvetsera, koma anapukusa mutu.

"Inu mukundipempha chinthu chovuta. Dzina langa lili m'mapotomu. Inuyo munthu atakuuzani kuti mukhome tebulo logwedera dala, mungavomere?"

"Likakhala loti lichiritse munthu, miyendo yonse inayi ndingaidule mosiyana."

A Chimphika anapuma mozama, n'kuponya mbatata m'beseni. "Mubwere nawo."

Musaganize kuti kulakwitsa dala ndi ntchito yophweka. Chitsiru chilichonse chikhoza kuwononga chakudya, koma kuchiwononga pang'ono chabe, moti munthu akwiye koma adyebe, pamafunika mmisiri. A Chimphika anapatula kapoto kakang'ono kapadera. Lero nyemba zichuluke tomato. Mawa nsomba itembenuzidwe mochedwa. Mkuja tiyi abwere wofunda m'malo motentha. Cholakwa sichinkabwerezedwa, kuopa kuti mayi angachizolowere. Ndipo nthawi ya chiweruzo ikakwana, chimunthu chonse chija chinkabwera kudzaima pafupi ndi tebulo, manja kumbuyo.

"Bambo inu, anakuphunzitsani kuphika ndani?"

"Pepani mayi, mawa ndiyesetsa."

"Dzulo munateronso."

Oyendetsa matakisi ndi osoka zovala amene ankadya m'menemo anayamba kufika msanga kuti asaphonye mlanduwo. A Chimphika ankabwerera kukhitchini akutuluka thukuta, n'kumasuzumira pakatani kuti aone ngati mbale ikutha. Ikatha, ankavina pang'ono okhaokha pakati pa mapoto.

Masaya a mayi anayamba kubwerera. Mphete inasiya kuzungulira. Dzuwa likangokwera ankamanga duku labwino n'kufunsa kuti, "Kodi lero sitipita kwa wowononga zakudya uja?" Mtima wa a kalipentala unkadzaza mpaka kusefukira. Iwonso ankaitanitsa mbale yawo tsiku lililonse, koma maso awo ankakhala pa supuni ya mayi, kuiperekeza kuchoka m'mbale mpaka kukamwa. Akamadzakumbuka chakudya chawo chinkakhala chitazizira, ndipo ankangochigwaza pang'ono n'kuchisiya. Mantha anali atakhala m'mimba mwawo nthawi yaitali moti chakudya chinkasowa pokhala. Lamba atayamba kukhwepa, anatenga msomali n'kubowola bowo lina, osaganizapo kanthu.

Ndiye kunacha tsiku lina, a kalipentala akusesa utuchi umene unabwera ndi nsapato zawo pakhonde, anamva phokoso limene anali ataliiwala: zivundikiro zikugundana, madzi akuthiridwa m'poto, mafuta akulira. Anasuzumira pazenera. Mayi anali chilili pambaula, akung'ung'udza nyimbo. A kalipentala anabwerera pakhonde mwakachetechete n'kusesanso pamene anali atasesa kale, maso akuyabwa.

Masana mayi anaika patebulo mbale ya mpunga ndi nkhuku, n'kukhala moyang'anizana nawo. A kalipentala anatapa ndi chimwemwe cha mwana. Anatafuna, ndipo chimwemwe chija chinazima. Mpunga unali wosapsa. Msuzi unalibe mchere. Mkazi amene sanaphonyepo poto moyo wake wonse! Kodi matenda aja anapita ndi dzanja la mayi? Kodi lilime lawo silikumvanso kukoma? Anameza movutikira, n'kuika supuni pansi.

"Zakoma," anatero.

"Mwati chiyani?"

"Ndati zakoma, mayi."

"Mawu amenewo ndimawadziwa. Mwini wake ndine." Mayi anapinda manja pachifuwa. "Kodi inu ndi mnzanu uja munkandiyesa mwana? Munthu wophikira msewu wonse bwinobwino angamalakwitse mbale imodzi yokha tsiku ndi tsiku? Ine ndinkauona mpunga wa patebulo la pafupi, woyoyoka bwino. Ndinkamuonanso akusuzumira pakatani, chimimba chili panja."

A kalipentala anasowa poyang'ana. "Nanga munkadyeranji?"

"Tsiku loyamba ndinadya ndi mkwiyo, sindikana. Masiku enawo ndinkadya chifukwa cha nkhope yanu. Munkandiyang'ana ngati supuni iliyonse ikulowa m'mimba mwanu." Mawu a mayi anatsika. "Koma siinkalowa m'mimba mwanu, bambo. Taonani lamba wanuyo. Bowo la msomali limenelo mukuganiza kuti sindinalione? Mwandichotsa ine pakhomo la manda kuti mukaimepo inu?"



Mayi anakankhira mbale ija pafupi ndi amuna awo. "Mankhwala ake munawapeza nokha. Tiyeni, dandaulani."

"Ine sindidziwa kudandaula za chakudya."

"Muphunzira. Yambani."

A kalipentala anatola supuni. Anatapa, anatafuna, akufunafuna mawu. "Mpunga uwu," anatero pomaliza, "sunapalidwe bwino."

Mayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti, kuseka kumene nyumbayo inali isanakumve chichokereni kuchipatala. "Pitirizani! Nanga msuziwo?"

"Dikirani ndilawe." Analawa. "Msuziwu ndi wogwedera. Ukufunika msomali."

"Mbali inayo bwanji?"

Analawa mbali inayo. Analawanso pakati. Misozi inkatsikira m'ndevu, koma dzanja silinaime, ndipo mpunga wosapsa uja unkatsika bwino kuposa chilichonse chimene anadya m'miyezi yonseyo.

"Mawa tipita kwa a Chimphika," anatero mayi. "Mukawauze kuti aziphika mmene amadziwira. Munthu uja wavutika mokwanira. Cholakwa ndikachipeza ndekha."

A kalipentala anangogwedeza mutu, m'kamwa muli modzaza. Atakweza maso anapeza mayi sakudya ayi. Anali atagwira chibwano, maso ali pa supuni ya amuna awo, akuiperekeza kuchoka m'mbale mpaka kukamwa.