Tsiku Labwino la Kazembe

Siu-ha ankati amuna ake, a Ong, ali ndi milungu iwiri: buku lofiira la masiku amwayi ndi kangaude. Anthu a m'nyumbamo ankabwera pambuyo.

Kangaudeyo anamugula atapuma pantchito ya njanji. Anali wamkulu ngati chikhatho, wa miyendo yabuluu, wa mtundu wokhala m'mitengo ku nkhalango za ku India. Ankakhala m'bokosi lalitali lagalasi, atamatirira pa khungwa loimika, ndipo a Ong anamutcha Kazembe. M'mawa uliwonse ankamuwazira timadzi n'kumuponyera mphemvu zoweta. Munthu woti chikwatirire sanatsukepo ngakhale supuni, tsopano ankapukuta galasi ndi kansalu kofewa uku akuimba mluzu.

Zimenezo Siu-ha akanapirira. Chinkamudya mtima ndi mwana wawo Hui-ling. Mtsikanayo anatomeredwa ndi Chun-yu, wokonza njinga zamoto, munthu wofatsa, koma zaka zinkapita tsiku la ukwati osapezeka. Akuchimuna akatchula tsiku, a Ong ankatsegula buku lawo, kunyambita chala, n'kupukusa mutu. Ili likulimbana ndi chaka chimene mwanayu anabadwa. Ilo ndi labwino kukumba chitsime, osati kukwatiwa. Mayi ake a Chun-yu anatopa nazo, ndipo atakumana pamsika anamuuza Siu-ha mosapsatira kuti mwezi wa mizimu, umene anthu sachita maukwati, ukafika popanda yankho, akafunsira mbeta kwina. Hui-ling anasiya kufunsa za ukwati, n'kuyamba kudyera kuchipinda.

Kenaka Kazembe anafundula komaliza. Wamphongo akafika pamenepo moyo wake watsala pang'ono: chakudya sachifunanso, amangozungulira galasi kusaka mkazi. Oweta akangaude ali ndi mwambo wawo wobwereketsa wamphongo kwa mwini wamkazi, ana akaswa n'kugawana. A Ong anathamanga mzinda wonse wa Tainan mpaka kupeza mayi Tseng, ogulitsa nsomba zamitundumitundu ndi abuluzi, amene anali ndi wamkazi. Atabwerako anatsegula buku lija, ndipo tiyi asanazizire tsiku la ukwati wa Kazembe linali litapezeka, loposa onse m'chaka chimenecho.

"Kani masiku abwino alipo, bambo ake Hui-ling?" anafunsa Siu-ha.

"Limeneli likudana ndi obadwa chaka cha nkhumba, ngati mwana wakoyu. Kazembe ndi wa chaka cha kambuku. Usamasakanize zinthu."

"Mwana wanga ndekha, eti. Chabwino."

Mayi Tseng anaimba foni kuti adikire kaye, chifukwa wamkaziyo nayenso wangofundula kumene ndipo sanadye n'kukhuta. Wanjala saona mwamuna, amaona ndiwo. A Ong anayankha kuti bukulo linalipo agogo awo a mayi Tseng asanabadwe. Mayiyo anangoti mwamunayo ndi wanu, n'kudula foni.

Tsikulo a Ong anavala jekete, anamanga nsalu yofiira pabokosi, n'kugula makeke a ukwati oti akapereke kwa eni mkwatibwi. Makeke amenewo Siu-ha ankalakalaka kuwagawira abale ake m'dzina la Hui-ling. Anawanyamula pamiyendo pamodzi ndi mkwati Kazembe, kumbuyo kwa njinga yamoto, manyazi atamugwira.

M'sitolomo mayi Tseng anawapatsa a Ong timitengo todyera, n'kuwauza kuti asachotse maso, wamkazi akangonyamula mano awalekanitse. Kazembe anakwera khungwa, n'kuyamba kugogoda ndi miyendo yakutsogolo ngati mlendo wa ulemu wake. Mkwatibwi anatuluka m'phanga lake la ulusi, wamkulu, wowonda mimba. A Ong anakweza dzanja kuti aone wotchi ngati ola la mwayi lakwanadi.

Pamene ankatsitsa maso, ukwati unali utatha. Miyendo yabuluu inali kugwedera kukamwa kwa mkwatibwi, amene ankabwerera kuphanga chafutambuyo, osafulumira n'komwe.

"Mkwatibwi wathokoza chakudya," anatero mayi Tseng. "Za ana muiwale, sanamukhudze n'komwe."

A Ong anatsala ndi timitengo m'manja. Siu-ha anamumvera chisoni Kazembe, amene sanawerengepo buku m'moyo wake koma ndiye amene linamupha. Amuna akewo sanawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

"Paja buku lanu linati tsikuli ndi labwino kukwatira," anatero Siu-ha. "Za kudya linatipo chiyani?"

Sanadikire yankho. Anatenga makeke aja pa kauntala, n'kukwera basi yopita kwa mayi ake a Chun-yu. Sanakhalitseko, poti nkhani yake inali yaifupi.

Atafika kunyumba anapeza a Ong ali pampando, jekete osavula, akuyang'ana galasi lopanda kanthu. Mphemvu zinali kupalasa m'chidebe mwawo, zosadziwa kuti zapulumuka. Siu-ha anatenga buku lofiira, anang'amba masamba ake, n'kuyalira mphemvuzo m'chidebe muja. Kenaka anagogoda pachitseko cha Hui-ling n'kumuuza kuti mawa apita kwa telala.

A Ong anatembenuka pang'onopang'ono.

"Mwasankha tsiku liti?"

"Limene Chun-yu satsegula galaja."

"Nanga buku likuti chiyani?"

"Kafunseni mphemvu," anatero Siu-ha. "Ndizo zikuliwerenga."