Nkhwangwa ya Firmin

"Siya," anatero Solange, nalanda nkhwangwayo m'manja mwa mlongo wake. "Manja akowo asaikhudzenso."

Aubin anangotsala chiimire pakati pa khitchini. Nkhwangwayo inali ya bambo awo, a Firmin, yokwerera mapiri, ndipo mpini wake unali utada ndi thukuta la zaka makumi anayi. Eni akewo anali m'bokosi m'chipinda chakutsogolo. Panali patapita masiku awiri chiwatsitsireni ndi helikopita kuchokera m'Khwawa la Wansembe.

M'mudzi mwathu, munthu wotsogolera anzake m'mapiri akamwalira, nkhwangwa yake imayenda patsogolo pa bokosi, ndipo woinyamula amakhala mwana wake wamwamuna. Akainyamula wina mwanayo alipo, palibe amene amafunsa chifukwa. Aliyense amakhala atamva kale. Maliro anali a mawa lake.

"Achemwali, mwambo mukuudziwa," anatero Aubin.

"Mwambo wauphunzira liti? Kumzinda kwanu ku Lyon amaphunzitsa mwambo masiku ano? Anyamula ndi bambo aang'ono. Iwe uyenda kumbuyo ndi alendo, chifukwa ndiwe mlendo."

Mayi awo, a Honorine, anali kudula tchizi choti anthu adzadye pobwera kumanda. Mpeni sunaime.

"Amayi, simunenapo kanthu?"

"Suntha, ukunditchinga kuwala," anayankha mayiwo.

Tsono muyenera kulidziwa khwawalo. Ine ndatsetserekapo pa chipale cha mayiko asanu ndi awiri, kuyambira ku Chile mpaka ku Japan, ndipo hotela yanga ndinaimanga ndi manja angawa popanda wondigwira dzanja, koma Khwawa la Wansembe ndimalivulira chipewa. Ndi mpata wopapatiza pakati pa makoma awiri a miyala, wotsetsereka ngati denga la tchalitchi. Kulibe makina okukweza. Umabereka matabwa ako otsetserekera n'kukwera wapansi maola anayi, kukhoma phazi lililonse m'chipale. M'mwezi wa Epulo chipale chimauma gwa usiku, ndipo dzuwa likachiwomba chimafewa pamwamba. Ukafulumira kutsika, umapeza galasi, ndipo ukagwa suima mpaka pansi. Ukachedwa, chimasanduka phala n'kugumuka nawe. Luso lonse ndi kudikira pamwamba mpaka nthawi yake. A Firmin ankakanikiza chala chachikulu m'chipale. Chikalowa mpaka kubisa chikhadabo, ankati tiyeni. Chikakana, ankakhala pa chikwama n'kumadya buledi, ngakhale mlendo wolemera atukwane bwanji.

Zimenezi Solange ankazidziwa kuposa aliyense, chifukwa anakwera ndi bambo ake kuyambira ali mtsikana mpaka pamene anathyoka bondo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.

"Dzuwa limalowa m'khwawa lija hafu pasiti teni," anatero, ataloza Aubin ndi mpini wa nkhwangwa. "Bambo anagwa naini koloko. Munthu amene sanatsikepo pa galasi moyo wake wonse. Sitima yako yobwerera inali ya nthawi yanji?"

"Ndinawauza kale apolisi. Anaterereka."

"Sindine wapolisi ine. Sitima."

"Ya wani koloko."

"Ya wani koloko," Solange anabwereza, akuyang'ana mayi ake. "Mwamva, Amayi? Bwana anali ndi msonkhano."

Chitseko chinatseguka ndipo analowa a Tancrède, mng'ono wa malemuwo, nsapato zili chonyowa. Kuyambira mbandakucha anali kumunsi kwa khwawa kufunafuna zimene zinatayika. M'khwapa anali atapana thabwa limodzi lofiira. Analigoneka patebulo, pakati pa buledi ndi tchizi.

"Alamu, pepani, ndadetsa tebulo lanu. Koma onani ichi."

Anayendetsa chala chachikulu pa chitsulo cha m'mphepete mwa thabwalo, kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, mokanikiza. Kenaka anaonetsa chalacho. Chinalibe ngakhale kachilonda.

"Chobuntha ngati supuni. Akulu anga sanakwerepo phiri ndi matabwa obuntha. Komanso matabwa awo ndi akuda. Lofiira chonchi, lokongola ngati la pa chithunzi, ndi la ku sitolo za mumzinda." Anatembenukira kwa Aubin. "Iwe, thabwa lako linkatani kuphazi kwa bambo ako?"

Mpeni wa a Honorine unaima.

Aubin anakhala pampando. Anayamba kulankhula akuyang'ana thabwalo.

"Tinafika pamwamba itangokwana eyiti. Anaika chala, chinakana. Anati tidikire. Ndinadikira pang'ono, kenaka ndinati ine ndikupita, sitima indisiya. Anati chitsiru iwe, khala pansi. Ndinati si inu nokha wodziwa phiri, ndatsikapo malo oipa kuposa ano."

"Kuti?" anafunsa a Tancrède. "Pa masitepe a ku ofesi?"

"Ndinavala matabwa. Ataona kuti ndikupitadi, anandigwira mwendo, nayendetsa chala m'mphepete ngati mmene mwachitiramu. Anati, ‘Unawanola liti amenewa?’ Ndinati chaka chatha. Anatukwana mawu oti sindingawanene pamaso pa Amayi. Kenaka anati vula. Phazi lathu ndi limodzi, mukudziwa. Anandiveka awo, iwo navala anga."

"Ndiye iwe unalola," anatero Solange.

"Ndinaganiza kuti andilola ndipite, iwo atsale kudikira dzuwa. Koma anati m'khwawa muno satsika munthu yekha. Anati, ‘Nditsogola ndikukandire njira. Ukaponde mmene ndapondamo.’ Anakhota katatu bwinobwino. Kachinayi chitsulo sichinalume. Sanakuwe. Ndinangomva jekete likukhula pa chipale, kenaka zii."

"Nanga iwe unatsika bwanji?" anafunsa a Tancrède.

"Ndinaimbira opulumutsa. Ndinakhala pomwepo mpaka dzuwa linafika."

Solange anaseka, kuseka kouma kosaonetsa mano.

"Ndiye unadikira. Bambo atagwa m'pamene unapeza nthawi. Chipale chinali bwanji, bwana? Chofewa? Matabwa awo ankaluma bwino?"

"Achemwali, chonde."

"Usanditchule. Ine ndakhala m'nyumba muno zaka zonsezi. Ndawaphikira, ndawachapira, ndapirira pakamwa pawo. Chithyokere bondo sanandifunsepo ngakhale kamodzi kuti Solange, kodi udzakweranso? Ankangondidutsa ngati mpando. Iwe umabwera kawiri pachaka ndi magalasi ako adzuwa, ndipo akuvulira matabwa awo. Akufera iwe." Anatembenuka. "Bambo aang'ono, mawa munyamula ndinu."

A Tancrède anavula chipewa, nachiyang'ana mkati.

"Ine ndinyamula bokosi, mwanangu. Nkhwangwa si yanga. Koma sindingakuuze kuti umupatse uyu. Pakali pano ndikanakonda kumumenya nayo."

"Ndimenyeni," anatero Aubin.

"Ndaniyo angakuchitire chifundo chotero?"

"Ngati palibe woinyamula, siyenda," anatero Solange. "Ndikaitsekera. Bokosi liyende lokha, mudzi wonse uone."

Onse anayang'ana a Honorine. Mayiwo anachotsa thabwa lofiira patebulo, nalitsamiritsa kukhoma, napukuta madzi amene linasiya.

"Kiyi ali pa msomali," anatero. "Bambo ako sankalola munthu kulowa m'kanyumba kawo, koma tsopano sangakukalipire."

Solange anatenga kiyi natuluka. Kunja dzuwa linali litakwera, madzi akudontha m'madenga onse, ndipo Khwawa la Wansembe linkaoneka pamwamba pa mudzi, loyera mbuu, litafewa bwino. Sanaliyang'ane. Anadutsa pabwalo akutsimphina pang'ono, natsegula kanyumba kogwiriramo ntchito.

Munkanunkha fodya ndi phula lopaka kunsi kwa matabwa. Anali asanalowemo chithyokere bondo. Pa benchi panali tupa lonolera zitsulo, ndipo pansi pake panali fumbi lachitsulo lonyezimira, losasesedwa. Anafunafuna bokosi lokhala ndi loko loti aikemo nkhwangwa, ndipo m'kufunafunamo maso ake anagwera pakhoma.

Panapachikidwa matabwa ambirimbiri. Aatali akalekale a mayi ake, amene anasiya kutsetsereka iye asanabadwe n'komwe. Ting'onoting'ono timene iye ndi Aubin anaphunzirirapo. Ndipo pafupi penipeni ndi chitseko, poti munthu n'kungotambasula dzanja, panali ake abuluu aja, amene anawataya pa mulu wa nkhuni tsiku lochokera kuchipatala, nauza bambo ake kuti awaotche.

Analibe fumbi. Pansi pake panali phula latsopano.

Anatsitsa limodzi. Mosaganiza, monga anamuphunzitsira, anayendetsa chala chachikulu m'mphepete. Anachichotsa msanga. Mzera wofiira unatseguka pachalapo, magazi natsikira m'dzanja.

Chitsulo chosiyidwa zaka zisanu ndi ziwiri chimachita dzimbiri. Ichi chinali chitanoledwa mlungu womwewo. Anayesa thabwa la mayi ake ndi chikhadabo, linameta. Anayesa kang'onong'ono ka Aubin, kamene phazi la munthu aliyense m'nyumbamo silikanalowamo. Kanametanso.

Anakhala pa benchi nthawi yaitali, chala chili m'kamwa.

Pamene ankabwerera m'khitchini, a Tancrède anali akumwa khofi choimirira, ndipo Aubin anali pampando pomwe paja. Solange anaika nkhwangwa patebulo patsogolo pake. Pampini panali chidindo cha chala chamagazi.

"Wadzicheka," anatero a Honorine.

"Munkadziwa, Amayi?"

"Ankawanola Loweruka lililonse. Ankati ndikakuuza aphwanya tupa."

Aubin anatambasula dzanja, koma anaima lisanafike.

"Achemwali, ine..."

"Usandiyankhule. Mawa, mkuja, mwina mpaka chaka chamawa. Sindikukupatsa ine. Bambo anasankha okha woti amuveke zawo." Anaikankhira kwa iye. "Uyende pang'onopang'ono. Amayi sangathamange, ndipo kumanda kulibe sitima."

Aubin anaigwira ndi manja awiri.

Solange anapita kukhoma, natenga thabwa lofiira lija. A Tancrède anamufunsa ngati akukaliponya pamoto. Iye anangotuluka nalo, ndipo patapita kanthawi, anthu atatu a m'khitchinimo anamva kuchokera kutsidya kwa bwalo tupa likuyenda pa chitsulo, kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, mosathamanga.