Khomo Loyang'ana Kwakuya

Bambo athu pomwalira anatisiyira zigawo ziwiri za nyanja kuno kuzilumba za Kerkennah, china changa, china cha mng'ono wanga Jalloul. Ndi pamadzi osaya, olekeza m'chiuno. Chaka chilichonse kutentha kukamatha timazika nthambi zatsopano za kanjedza m'matope, mizere iwiri yokakumana pa kachipinda ka miono. Khomo la mpandawo limayang'ana kumtunda, kuti madzi akamaphwa nsomba zizilowa zokha. Ngakhale chitsiru chimadziwa zimenezi.

Jalloul usodzi umenewu unamukwana. Anagula injini, ati akufuna nsomba zikuluzikulu za kwakuya. Mmawa wina mu Seputembala anandipempha kuti ndimuperekeze, ine n'kumuyankha kuti, "Pita wekha, zikakudye nsomba zakozo." Pakamwa pangapa panayamba kale kundiika m'mavuto. Boti linapezeka patatha masiku anayi, mulibe munthu.

Chaka chathunthu mkazi wake Mbarka sanalire maliro. Ankati sangalire munthu amene sanamuone atagona. Tulo analibe, chakudya ankangochiyang'ana, anaonda mpaka zibangili kumavuka zokha. Ine ndikamuona akubwera ndinkakhotera njira ina, chifukwa ndinkachita manyazi.

Okutobala atakwana Mbarka anandipeza ndikudula nthambi kuseri kwa nyumba.

"Alamu, chigawo cha abale anu muzika liti?"

"Ndimalize changa kaye."

"Mukamazika, khomo liyang'ane kwakuya."

"Mwati bwanji? Nanga nsomba zilowera kuti?"

"Ndanena za nsomba ine? Munthu anapita uko. Akamabwera ndi madzi apeze potsegula."

Akanakhala wina ndikanamutukwana. Koma uyu sindikanamukanira, choncho ndinazika mpanda motembenuza, masiku asanu athunthu, anzanga akuonerera m'maboti mwawo. Kumalo omwera khofi ine Chedli ndinasanduka nkhani.

"Chedli wakalamba basi," anatero Belgacem, amene chigawo chake chinachita malire ndi chathu. "Mawa timuona atavala buluku chakumbuyo."

"Iwe samala za kwanu," ndinatero. "Mpanda wako uja ngakhale nkhanu imadutsa ikuseka."

Anaseka onse, inenso ndinaseka, koma mumtima munalibe chiseko.

Nsomba sinalowe ngakhale imodzi. Tsiku loyamba ndinapeza nsapato ya mzimayi. Lachiwiri chigubu, lachinayi jekete yomanga mabatani onse. Masiku ano nyanja yathu imanyamula anthu ambiri ofuna kuwolokera ku Ulaya, ndipo si onse amafika. Chimene chinkandiopsa n'chakuti mbalame, zimene zimatera pampanda wa aliyense, pa umenewu zinkangozungulira m'mwamba n'kupita.

Tsiku lachisanu ndi chinayi munalowa munthu. Nkhope inali itapita kale. Ndinamukokera kumtunda, anthu n'kusonkhana, wina n'kuthamangira kukaitana Mbarka. Ine ndinali nditaona kale kuti si wathu. Jalloul ankandilekeza paphewa, pamene uyu miyendo yake inkatulukira kunja kwa lona amene tinamufunditsa.

Mbarka anagwada, n'kumugwira phazi. "Ndi iwowa," anatero. "Afika."

A boma atabwera anafunsa ine, poti ndine mbale wake. "Bambo, mukumuzindikira munthuyu?"

Ndinayang'ana mlamu wangayo. Anali akundiyang'ananso ngati wodwala amene akudikira kuti dokotala anene. Sindikudziwa ngati ankakhulupiriradi kapena ankangondipempha.

"Ndi mng'ono wanga," ndinatero.

Tinamusambitsa, tinamukulunga m'nsanda, shehe anapemphera, n'kumuika pambali pa bambo athu. Mbarka analira masiku atatu, kulira kwenikweni kumene kunamveka mudzi wonse. Tsiku lachinayi mkazi wanga anabwera akumwetulira, ati mlamu wagona mpaka dzuwa pamutu, ndipo podzuka wapempha chakudya. Kunena zoona ndinadzimva kuti ndachita bwino, ndipo bodza limenelo silinandilemere ngakhale pang'ono.

Mmawa wotsatira ndinapalasa kukazula mpanda uja. Dzuwa linali litakwera ndithu, mphepo kulibe, madzi ali mbee, moti udzu wa pansi unkaoneka umodziumodzi. Nditafika pa kachipinda ndinasuzumira mwachizolowezi chabe.

Jalloul anali atagona chagada pansi pa madzi, atavala juzi yake yobiriwira. Chaka chonse chija nyanja sinamukhudze. Ndevu zinali monga anazimetera, maso ali otsegula. Tinsomba tinkamuzungulira patali, palibe kamene kanayandikira. Ndinakhala pansi m'botimo.

"Wachedwa, mphwanga," ndinatero. "Malo ako tapatsa mlendo."

Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali. Ndikamutengera kumtunda ndiye kuti manda afukulidwa, a boma abweranso, ndipo Mbarka adziwa kuti misozi yake yonse ija anakhetsera munthu wosamudziwa, ine ndikuonerera. Sindinaone kuti mlamu wangayo angadzuke kawiri. Koma Jalloul naye anali mwana wa mayi anga, ndipo anayenda ulendo wautali kufuna dothi la kwawo.

Madzi anayamba kuphwa. Ndinatsikira m'nyanja n'kuyamba kuzula nthambi za kachipinda, imodziimodzi, mpaka njira inatseguka. Anasuntha pang'onopang'ono, miyendo patsogolo. Kenaka mkono wa juzi unakola pa chitsa cha nthambi, ndipo anaima. Ndinadikira kuti mwina madzi amukolola okha, koma ayi. Ndinachita kuwerama n'kumumasula ndi manja angawa. Dzanja lake silinali lozizira.

Ndinamuyang'ana mpaka kubiriwira kwa juzi kunasakanikirana ndi udzu.

Kumtunda ndinapeza Mbarka akundidikira ndi buledi wotentha m'kansalu. Anali atasamba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'chaka chonse anandiyang'ana ngati munthu wamoyo.

"Alamu, mwalowa kanthu lero?"

"Ayi, mlamu. Mulibe kanthu."

"Ndiye litembenuzeni khomolo," anatero akundipatsa buledi uja. "Amene tinkadikira anafika."