Ndevu za Mphaka za Pak Sukiran

Khasu linali kale m'mwamba pamene Warsini analumphira m'kadimba n'kuima pakati pa zitsamba za maluwa oyera zotchedwa kumis kucing, kutanthauza ndevu za mphaka.

"Temani, achimwene. Muyambire miyendo yangayi."

Darmaji anatsitsa khasu. Anali atabwera kuchokera kumzinda wa Semarang kudzaika bambo awo, Pak Sukiran, ndipo mphasa za odzapemphera zinali zisanapindidwe n'komwe pakhonde.

"Usandichititse manyazi iwe. Pano pakhala sitolo, omanga ndapangana nawo kale. Masamba amenewa ndiwo apha bambo. Impso zikutha, iwo ali kalikiliki kuwiritsa tchire!"

"Kuchipatala ndinkapita nawo ndine, panjinga yamoto, mvula ili pamsana. Inu munkangoimba foni. Mapiritsi ankamwa, madzi a masambawa ankamwanso. Ndipo aliyense amene mkodzo wamutsekera m'mudzi muno amathamangira pano, osati ku Semarang kwanuko."

"Mwana wamwamuna pakhomo pano ndine."

"Mwamuna wake uti, wochita kufunsa anthu njira ya kumanda?"

Amayi amene ankakulunga mpunga m'masamba a nthochi anasiya ntchito n'kumasuzumira. Darmaji anagwira mlongo wakeyo pamkono kuti amukoke. Warsini anangokhala pansi, m'matope momwemo, nakumbatira tsinde.

Kuseri kwa mpanda wansungwi munthu anatsokomola. Anali Mbah Karto, nkhalamba yoyandikana nawo, amene anakangana ndi malemuwo kalekale pa za ngalande yothirira mpunga, mpaka kuleka kupatsana moni.

"Darmaji, bambo akowo anali munthu wamakani, sindibisa ayi. Koma chindigwetsereni miyala ya mu impso, ndakhala ndikupeza kamtolo ka masamba amenewa pamsomali wa pampandawu. Sanandiyankhulepo. Inenso sindinathokozepo. Ngati ukutema, tema ndikuona."

Darmaji anayang'ana msomali wadzimbiriwo, nayang'ana amayi aja. Anatsamiritsa khasu kukhoma.

"Nkhaniyi sinathe," anatero akulowa m'nyumba.

"Mundipeza pompano," Warsini anayankha.

Anadzuka, nathyola nsonga zanthete, zamaluwa n'kuzisiya, ndipo anazimanga ndi luzi la nthochi. Mbah Karto anatambasula dzanja pamwamba pa mpanda. Warsini analilambalala dzanjalo, nakoleka kamtoloko pamsomali uja monga ankachitira bambo ake, kenaka anatembenuka.