Diso la Wometa

Wometa ankasesa tsitsi pansi pa mpando pamene anaona mayi wina akutuluka m'shopu ya telala atanyamula kabokosi koyera. Anakankhira magalasi ake akuda pamwamba pa mphuno, n'kuyamba kupukuta makina amene anali atawapukuta kale.

Matenda a maso anali atavuta mumsewu monsemo. Anthu ankadzuka zikope zitamatana ndi manthongo. Akafukufuku a zaumoyo ankayenda khomo ndi khomo kuti adziwe mmene matendawo akufalikira, ndiponso chifukwa chake ena sakuwatenga. Mayi wa kabokosiyo anali mmodzi wa iwo.

"Odi kuno!" anatero mayiyo.

"Lowani, koma amayi sitiwameta."

Mlamu wa wometayo, wokonza mafoni pakhomo loyandikana, anali atakhala pabenchi. "Musadabwe nawo magalasiwo, mayi. Alamu angawa dzuwa limawawalira m'nyumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere!"

"Iwe, ulibe mafoni oti ukonze?"

Mayiyo anafotokoza modekha kuti abambo ambiri odwala amene anawayeza ankametetsa pamenepo. "Sitikuimba munthu mlandu. Tikungopempha kupaka kathonje pathaulo, pamakina, ndi m'diso mwanu ngati mungalole, kuti tikayeze. Muli ndi ufulu wokana."

Wometa anatola chipeso, n'kuchiikanso. Anayatsa makina, anawazimitsa. Akalola, pofika madzulo msewu wonse ukhala ukunena kuti matenda akuchokera pampando wake, ndipo makasitomala athamangira kwa wometa wa kutsidya.

"Ndakana," anatero.

"Palibe kanthu." Mayiyo anatseka kabokosi. Ali pakhomo anacheuka. "Kunyumba kuli ana?"

"Kuli khanda," anayankha mlamu. "Mlongo wanga wangochira kumene."

"Maso a khanda sachedwa kuwonongeka. Wodwala asambe m'manja asanamunyamule, ndipo asakhudze nsalu zake. Manthongo akangooneka, kuchipatala tsiku lomwelo."

Mayiyo anatuluka. Wometa anakumbukira zimene anachita. M'mawa uja, mkazi wake akusamba, iye anali atanyamula mwanayo, n'kumufunditsa, kenako n'kupukuta misozi ya diso lake ndi kansalu kofewa kamene kanali kumutu kwa bedi. Kansaluko ndi kamene mkazi wake ankapukutira mwana kumaso.

Mlamu anali atasiya kuseka. "Alamu, tavulani tione."

Anavula. Diso lamanzere linali lofiira psuu, lotupa, likuchucha.

"Abale inu! Ndiye mlongo wanga akudziwa?"

Wometa anatulutsa foni. Anaimbira mkazi wake. "Mayi a mwana, kansalu kali pabedi kaja musamupukutire. Mwamupukutira kale? Muyang'aneni m'maso." Anayenda mpaka pakhomo, anabwerera, anapitanso. "Ali bwino? Ngakhale zili choncho, konzekani tipite naye kuchipatala. Ndikufotokozerani panjira."

Kenako anathamangira panja. "Mayi! Tabwererani!"

Mayiyo akutsegula kabokosi, panafika mphunzitsi wina, kasitomala wakalekale wa wometayo, akuvula chipewa.

"Lero sitimeta, aphunzitsi. Ndadwala maso."

Mphunzitsiyo anamuyang'ana, anayang'ana thaulo lopachikidwa pampando, n'kuvalanso chipewa. Wometa anamuona akuwoloka msewu kulunjika kutsidya. Kenako anakhala pampando wa makasitomala.

"Yang'anani kumwamba," anatero mayiyo.

"Fulumirani, mayi. Mwana akundidikira."