Girisi M'mfuti ya Alamu

Galimoto ya alonda a nkhalango inalowa pakampu dzuwa lisanafike pamutu, fumbi lili koboo kumbuyo kwake. Anthu anatuluka m'maofesi kudzaona chimene yabwerera msanga. Woyamba kutsika anali bambo wina amene aliyense ankangomutcha Chimtali, buluku litang'ambika kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo, manja ali zilonda zokhazokha. Anzake awiri ankaseka mpaka kugwira m'mimba, kuseka kwa anthu amene angopulumuka kumene.

"Njati!" anatero mmodzi wa iwo. "Timachotsa misampha ya mawaya kumtsinje, iyo n'kungovumbuluka m'bango, ili ndi bala pamwendo. Akuluwa analoza mfuti m'mwamba kuti ayiopseze, mfuti n'kungoti kha! Kuyesanso, kha! Ndiye mukanaona munthu wa zaka zoposa makumi asanu akukwera mtengo waminga."

"Ndinakwera mwaulemu," anatero Chimtali.

"Ulemu wake uti? Ikanapanda kulira m'mwamba mfuti yangayi, bwenzi pano tikunena zina."

Onse anaseka, kupatula Mayi Makiyi. Iyeyu ndiye ankasunga chipinda cha mfuti pakampupo, ndipo dzinalo analipata chifukwa cha mulu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake akamayenda. Anali atangotha miyezi isanu pantchitoyo. Mfuti iliyonse yopita kutchire inkadutsa m'manja mwake. Kuwonjezera apo, Chimtali anali mlamu wake, mkulu wawo wa amuna ake.

"Alamu, mwavulala?"

"Ndi minga chabe, alamu. Lomwe lamwalira ndi bulukuli."

Bwana wa kampu anafika akupukuta magalasi ake ndi m'mphepete mwa malaya. Atamva nkhani yonse, sanamwetulire n'komwe.

"Mayi, mfuti imeneyi inatuluka liti?"

"Lolemba, bwana. Ndinayitsuka ndekha, ndinayithira mafuta ndekha."

"Ndiye yakana bwanji? Mukudziwa kuti kulikulu ena ankati ntchito iyi simungayithe, ine n'kukuikirani kumbuyo. Tiyeni mukayitsegule ndikuona. Inunso a Chimtali, tiyeni."

Chipinda cha mfuti chinali chaching'ono, cha zenera limodzi la zitsulo. Mfuti zinali ndandanda kukhoma. Patebulo panali nsanza zoyera zodula bwinobwino, ndodo yachitsulo yotsukira mumpope, kaburashi, botolo la mankhwala osungunulira litsiro, ndi kabotolo ka mafuta a mfuti ka kamlomo kosongoka. Mayi Makiyi anayamba wachotsa zipolopolo, n'kusuzumira kawiri kuti atsimikize kuti simunatsale kanthu. Chipolopolo chimene chinakana chija anachiika pachikhatho n'kuonetsa bwana. Kumbuyo kwake kunali kachizindikiro kosaoneka bwino, ngati munthu wangokanda ndi chikhadabo.

"Chamenyedwa, koma mwaulesi," anatero.

Kenako anasolola boliti, chitsulo chija amakoka polowetsa chipolopolo. Inabwera molemera. Atayimasula, m'kati munatuluka zinthu zakuda bii, zonanda ngati phula. Anazitapa ndi chala, n'kuzipekesa, mchenga n'kumamveka. Ananunkhiza.

"Uyu ndi girisi wa galimoto, bwana."

"Girisi?"

"Eya. Kamsomali aka ndi kamene kamamenya chipolopolo, ndipo kamayenera kuthamanga mwamphamvu. Girisi wolemera chonchi amakola fumbi ndi mchenga, zonse n'kusanduka matope. Kamsomali kamafika katatopa kale. Mafuta ake enieni ndi opepukawa, ndipo umangodontheza pang'ono, otsala n'kupukuta."

"Nanga walowamo bwanji?"

Mayi Makiyi anayang'ana mlamu wake. Chimtali anali atapeza chinachake chofunika kwambiri kudenga. Pomwepo mayiyo anakumbukira mmene bamboyu ankamunyogodolera nthawi zonse potenga mfuti: "Alamu, mafutawa mukuthira ngati mankhwala a m'maso bwanji? Ndi a kunyumba kwanu?" Anadziwa kuti ndi iyeyu. Koma Chimtali ndi amene analera amuna ake makolo awo atamwalira, ndipo anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito. Anaganiza zosamutchula.

"Muno mulibe girisi wotere, bwana. Ine sindinaike. Amene anaikayo sindinamuone."

"A Chimtali?"

"Ine mfuti ndimangolandira, bwana," anayankha motsitsa mawu.

Bwana anapumira m'mwamba. "Ndiye ndilibe kuchitira mwina. Ndilemba lipoti, ndipo mpaka akulikulu adzafufuze, makiyi akhala kwa ine. Pepani, mayi."

Mayi Makiyi anayamba kumasula lamba wa makiyi. Ali m'kati momasula, mlonda amene anawombera m'mwamba uja anasuzumira pakhomo.

"Bwana, ndinaiwala kunena. Njati ija yathawira kumtunda, kumene kuli gulu la a Phee. Mwina tiwachenjeze."

A Phee anali amuna ake a Mayi Makiyi, ndipo dzinalo anawapatsa chifukwa ankatha tsiku lathunthu atayankhula mawu osakwana khumi. Anali kutchire ndi anzawo atatu, ali ndi mfuti ziwiri.

Nkhope ya Chimtali inasintha. Anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Bwana, muitaneni mng'ono wanga pawailesi. Pompano."

"Timuitana, musadandaule. Ali ndi mfuti."

"Alibe! Ndiye ndikunenazo!" "Ndine ndinapaka girisi. Lolemba tinamanga msasa pamodzi ndi gulu lawo, mvula inatinyowetsa, ndiye ndinaopa dzimbiri. Ndinatapa m'chitini cha dalaivala. Ndinapaka yanga, n'kupakanso zawo ziwiri zija. Ndinkati ndikuwathandiza."

Mayi Makiyi anali atatuluka kale, lamba ali lende m'manja, akuthamangira ku ofesi ya wailesi. Bwana anafika pambuyo pake n'kutenga cholankhulira. Anaitana kamodzi, wailesi inangoti shiii. Anaitana kachiwiri, kachitatu. Chimtali anaima pakhomo, osalimba mtima kulowa.

"Mwina ali kuchigwa, kumene sikugwira," anatero bwana, koma thukuta linali litayamba kutsika m'masaya.

Mayi Makiyi analanda cholankhuliracho osapempha.

"Bambo a ana! Ndine. Yankhani, lero si tsiku lokhala phee!"

Panadutsa kanthawi. Kenako wailesi inakhosomola.

"Ndamva."

Mayiyo anakhala pansi pomwepo, pasimenti. Bwana anatenganso cholankhulira n'kufotokoza zonse: njati yovulala, girisi, mfuti zosadalirika.

"Tayiona," anatero a Phee. "Yadutsa patsidya. Ife tili pamwamba pa thanthwe, tikudya."

"Musatsike pamenepo! Galimoto ikubwera ndi mfuti zina."

"Chabwino." Wailesi inati zii, kenako inayankhulanso. "Achimwene ali bwanji?"

Chimtali anaphimba nkhope ndi manja ake azilonda aja.

Gulu la a Phee linafika pakampu cha m'ma 3 koloko masana, onse ali bwinobwino. Bwana analamula kuti tebulo litulutsidwe panja pamthunzi, ndipo mlonda aliyense amene analipo abwere. Mayi Makiyi anamasula mfuti ziwiri zija pamaso pa onse. Zonse zinali chimodzimodzi, matope akuda okhaokha. Wina anaimba mluzu.

"Ndiye inu mumayenda ndi ndodo zongolemera," anatero dalaivala. "Ine n'kumadabwa kuti girisi wanga akudyedwa ndi makoswe."

Mayi Makiyi ananyowetsa kaburashi ndi mankhwala otsukira n'kuyamba kukwecha mfuti zonse zitatu. Nsanza yoyamba inada, yachiwiri inada, yachisanu ndiye inatuluka yoyera. Anaumitsa chitsulo chilichonse. Kenako anatenga kabotolo kaja, n'kudontheza pansanza, osati pachitsulo, n'kupukuta mpaka chitsulocho chinangowala osanyowa.

"Mukachigwira, chala chisatuluke chonona," anawauza. "Mumpope mumadutsitsa kansanza kamafuta, kenako kouma. Mvula ikakunyowetsani, pukutani, umitsani, pakani pang'ono kunja. Aliyense ndimupatsa kabotolo kake popita kutchire, kuti wina asadzatapenso m'chitini cha dalaivala."

"Nanga oyilo wa injini?" anafunsa wina.

"Ndi wa injini."

"Mafuta ophikira?"

"Amenewo akakhalitsa amamata ngati ulimbo. Kazingirani mazira."

"Nanga aja akazi athu amadzola?"

"Mukawabera amenewo, njati simuyifunanso. Akumalizani ndi eni ake."

Atabwezera zonse m'malo mwake, anapita kuseri kwa kampu kumene ankayesera mfuti pa chulu. Bwana anapereka ya Chimtali kwa mwini wake. Bamboyo analoza, n'kukoka. Inalira mpaka mbalame zinabalalika m'mitengo. Ziwiri zinazo zinaliranso chimodzimodzi. Alonda anawomba m'manja ngati timu yawo yagoletsa.

Bwana anaitanira Chimtali ndi Mayi Makiyi pambali.

"Mayi, makiyi ndi anu, ndipo mundikhululukire. A Chimtali, kalata yochenjeza mulandira, osati chifukwa cha girisi yekha, koma chifukwa munakhala chete mnzanu akuvulidwa ntchito. Mwezi uno kutchire simupita. Muzikhala m'chipinda cha mfuti, muzitsuka, alamu anu azikuuzani chochita."

"Ndavomera, bwana."

Poweruka, atatuwo anatsika limodzi kanjira kopita kunyumba za ogwira ntchito, a Phee patsogolo, mlamu ndi mlamu pambuyo. Anayenda kamtunda. Kenako Chimtali anaima.

"Alamu, ndinakuonani mukumasula lamba uja, ine n'kungoti duu. Ndinachita mantha ngati mwana. Munadziwa kuti ndine, eti?"

"Ndinadziwa."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinkadikira kuti munene nokha."

"Nditukwaneni, alamu. Ndikuyenera."

Mayi Makiyi anayang'ana amuna ake akuyenda patsogolo ndi miyendo yawo iwiri, chikwama chikugwedera kumsana. Anafunafuna mkwiyo mumtima mwake, koma anaupeza utaphwa.

"Lero ayi, ndatopa ndi kuthokoza. Ndikwiya mawa, 7 koloko, m'chipinda cha mfuti. Musachedwe."

A Phee anatembenuka n'kuyang'ana mkulu wawo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ine ndikwiya mkuja," anatero. "Lero tiyeni mukadye kwathu."