Maso Oonera Patali

Anasingano anayamba kuvala magalasi asanathe n'komwe msinkhu, magalasi okhuthala ngati pansi pa botolo. Akawavula, munthu wa tsidya lina la msewu ankangooneka chimthunzi choyenda. Koma maso omwewo anali ndi mphatso yake: nsalu akaiyandikitsa pamphuno, magalasi ali pambali, ankaona kaulusi kalikonse pakokha. Ntchito yawo inagona pamenepo. M'kachipinda kawo kuseri kwa sitolo ya nsapato anthu ankabweretsa majekete odyedwa ndi njenjete ndi mathalauza opsa ndi simbi, iwo n'kulukanso pobookapo ndi ulusi wosolola mumpendero wa chovala chomwecho, mwini wake mpaka kusowa pomwe panali bala. Anzawo a msinkhu umodzi anali atayamba kale kupempha adzukulu kuwalowetsera ulusi pasingano, iwo ayi.

Za opaleshoni ya maso anabwera nazo ndi mzime wawo, mtsikana wa mu ofesi ya inshuwalansi, wa chikondi chija chotopetsa, chosafunsa. Zinkamuwawa kuona mayi ake akupapasa patebulo m'mawa uliwonse, ndi zipsera ziwiri zakuda zimene magalasi anawadinda pamphuno. Anasingano anakana, anakananso, kenako anangotopa. Kukana nakonso kumafuna mphamvu, ndipo iwo mphamvu zawo zinkathera pa majekete a eni.

Tsiku lokapimidwa, mzime atawaperekeza, anakhala pabenchi mpaka msana kuuma. Anawadontheza mankhwala m'maso, nawauza kuika chibwano pa makina awa ndi awo, mpaka mutu unayamba kugunda. Dokotala, mayi wofatsa wa maso ofiira ndi tulo, anafotokoza mosathamanga. Anati kuwala kolowa m'diso lawo kumakumana kusanafike pamalo pake, ndiye makina a kuwala otchedwa leza apala pang'ono kakhungu koonekera ka kutsogolo kwa diso kuti kaphwatalale. Anachenjezanso kuti pa msinkhu wawo, maso akawongoledwa kuti aziona patali, zapafupi zidzafuna magalasi owerengera, pokhapokha atasiya diso limodzi loonera pafupi. Ndiye anafunsa ntchito imene amagwira.

M'banja mwawo munali chizolowezi chakuti kuchipatala wodwala sayankha, amayankha ndi womuperekeza. Anachiyambitsa ndi Anasingano eni ake. Anayankhira ana awo onse, anayankhira amuna awo mpaka tsiku lotsiriza, bambowo akungoyang'ana kudenga ngati nkhaniyo ndi ya wina. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, koma uyu anakulira lomweli.

"Amayi anapuma," anatero mzime. "Sawerenganso zambiri. Bola aziona msewu bwinobwino."

Sikuti ankanama dala, ankanena zimene mtima wake unkalakalaka. Anasingano anatsegula pakamwa, koma kutsutsa mwana pamaso pa mlendo kunawalemera. Anadziuza kuti kuwerenga ndi kusoka n'zosiyana, ndipo iwo nyuzipepala alibe nayo ntchito. Dokotala anawayang'ana iwo eni ake, kudikira. Anasingano anangogwedeza mutu movomera.

Opaleshoniyo sinachedwe. Anawagoneka chagada m'chipinda chozizira, nawadontheza mankhwala mpaka maso kuchita dzanzi. Kachitsulo kanagwira zikope kuti asaphethire. Anamva kupsinjika, kunada pang'ono, kenako dokotala anati watukula kakhungu ka pamwamba ngati chivundikiro, iwo azingoyang'ana kanyali kobiriwira. Makina analira thethethe, ndipo kunamveka fungo la tsitsi lopserera. Chivundikiro chija anachibwezera, nachisalaza, n'kupita ku diso lina. Anasingano anaganiza kuti mayiyu ali ndi dzanja labwino, akanakhoza kusoka.

M'mawa mwake anaona tsamba lililonse pamtengo wa kuseri kwa mpanda, anawerenga nambala ya basi ikadali kumtunda. Tisaname, anakondwa.

Maso atapola anabwerera kukachipinda kawo. Panali jekete la mphunzitsi wina, lobooka pachigongono. Dzanja linapita lokha kumaso kukavula magalasi, linapeza palibe chovula. Anayandikitsa nsalu pamphuno, inangokhala nkhungu. Anaitalikitsa, inaoneka bwino, koma ngati nsalu ya aliyense, yopanda ulusi woti n'kuwerenga. Anagula magalasi owerengera, kenako ena amphamvu. Bowo la singano analipeza, koma kuluka kuja kwa ulusi umodziumodzi kunawakana, ndipo dzuwa lisanapendeke mutu unali utayamba kuwawa. Atabwerera kuchipatala okha, dokotala anamvetsera mpaka kumapeto, anapuma mozama, n'kunena kuti chopalidwa sichibwezeredwa. Anawalembera galasi lokulitsa zinthu lokhala ndi nyali yake. Analiyesa, koma manja ozolowera ntchito pamphuno ankangosochera pansi pake.

Jekete lija analibweza losasoka. Anauza mphunzitsiyo kuti ntchito yawachulukira, ndipo anachita manyazi kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wawo.

Madzulo ake mzime anadutsa pochokera kuntchito, chikwama paphewa, nsapato zitamutopetsa. Anawapeza atakhala chete, manja ali pamiyendo, ndipo anasangalala poganiza kuti mayi ake aphunzira kupuma. Anagwada, nawagwira masaya ndi manja onse awiri monga ankachitira ali wamng'ono.

"Tandiyang'anani, amayi. Mukundiona bwino tsopano, eti?"

Nkhope imene anaiyamwitsa, imene ankaidziwa mpaka kachipsera ka pansi pa nsidze, inali mbuu. Anafuna kumuuza zonse, koma anatopa asanayambe.

"Tabwerera m'mbuyo pang'ono, mwanangu."

Mtsikanayo anaseka, nabwerera.

"Pang'ononso."

Anabwererabe mpaka msana unagunda khoma. Pamenepo nkhope yake inaoneka yonse, yowala ndi chimwemwe cha munthu amene wachitira mayi ake chinthu chachikulu.

"Ima pomwepo," anatero Anasingano. "Apo ndiye ndikukuona."